Mwala wa a Phiri unathera m'mbale

Ku Kabushi, mu mzinda wa Ndola, kuli nyumba ina imene ndikaionera patali ndimakhotera njira ina ngati ndaiwala kanthu. Eni ake sanandilakwire. Ine ndi amene ndinapitako nditatchena ngati munthu wofuna banja, n'kubwerako ngati wodwala wothawa m'chipatala. Zonsezi chifukwa cha mwala.

Ndimakhala ku Chamboli, mu mzinda wa Kitwe, ndipo ndine telala pamsika. Amake ana anamwalira zaka zapitazo, anawo anabalalika, wina ku Solwezi, wina ku Lusaka. Tsiku lonse ndimayankhula Chibemba ndi makasitomala, madzulo ndikatseka shopu Chinyanja changa chimasowa wochimva. Kale ndinkapita nacho kwa a Phiri, neba wanga wa ku Petauke, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka kupuma. Tinkakhala pakhonde pawo n'kumanena anthu odutsa. Kenako nawonso anaganiza zobwerera kumudzi.

Tsiku lopakira katundu anandipatsa botolo la jamu, chivundikiro chake chomatidwa ndi phula la kandulo. Mkati munali mwala waukulu ngati dzira, wabuluu kwambiri, wowala ngati magalasi a m'mawindo a tchalitchi.

"Ndinautola pansi, kumalo ouma kumene anthu anasiya kukumba kalekale," anatero a Phiri. "Msewu wa kwathu ungauswe. Sungani inu, a telala. Koma botololi musatsegule."

Sindinafunse chifukwa. (Ndinaganiza kuti akuopa akuba, ngati kuti wakuba angalephere kunyamula botolo.)

Ndinaliika pamwamba pa wailesi. Dzuwa likamalowa linkaomba pamenepo, khoma n'kuoneka labuluu. Masiku ena ndikalowa m'nyumba ndinkaulonjera mwalawo m'Chinyanja, n'kuuuza za makasitomala amene andivutitsa. Sunkayankha, koma nawonso a Phiri sankayankha kwambiri.

Ndiye panabwera Amai Tembo. Tinakumana pa ukwati wina ku Ndola. Ndili pamzere wa chakudya ndinamva munthu kumbuyo kwanga akudandaula m'Chinyanja chenicheni cha ku Chipata kuti nkhuku yachepa. Ndinatembenuka ngati andiitana dzina. Anali mayi wamasiye, wogulitsa zitenje ku Kabushi. Tinapatsana manambala, tinayamba kuimbirana. Vuto linali lakuti moyo wa telala wokhala yekha ulibe nkhani zambiri. Nditamaliza za mazipi ndi za magetsi othimathima, nkhani zinandithera. Tsiku lina pafoni patakhala zii, ndinangopezeka ndanena kuti ndili ndi mwala wa mtengo wapatali.

"Mwala wanji?" anafunsa Amai Tembo.

"Safaya," ndinatero. (Safaya ndinali ndisanamuonepo. Ndinangomva kuti ndi wabuluu.)

"Mubwere nawo Lamlungu likubwerali, tidzauone. Mudzadyera konkuno."

Cholakwa choyamba ndinachichita Lolemba. Ndinaona kuti safaya sangapite kwa anthu m'botolo la jamu. Ndinapala phula lija, ndinautulutsa mwalawo n'kuugoneka pakansalu ka veleveti pawindo, kuti upume mpweya. Unali mwezi wa Okutobala, kotentha mpaka malata kulira. Pofika Loweruka mwala wanga unali utatuwa, wambuu, ngati miyendo ya munthu amene sanadzole mafuta. Ndikaukhudza unkasiya kaufa koyera pachala. Ndinati ndi fumbi la ku Kitwe, limene sililemekeza munthu.

Lamlungu nditabwera ku Misa yoyamba ndinatenthetsa madzi, ndinathira m'mbale ya pulasitiki, n'kuuviikamo. Nditaukwecha ndi mswachi wakale, mtundu unabwereradi. Ndinasangalala. Ndinausiya m'madzimo kuti litsiro lonse livunduke, ine n'kupita kukasita malaya anga oyera. Nditangoyamba, magetsi anathima. Ndinakoleza makala, ndinafufuza simbi yakale ya amake ana, ndinasita kolala mwachifatse monga telala. Za mwala ndinaiwala.

Nditabwerera kukhitchini ndinapeza madzi abuluu okongola kwambiri. Mwala sindinauone. Ndinatenga mpeni wakale wachitsulo n'kuvundula, ndipo pansi ndinapeza kachidutswa kofanana ndi njere ya mtedza. Ndili chiimire wosokonezeka, ndinatulutsa mpeni uja, n'kuona kuti mbali imene inali m'madzi yafiira ngati waya wa kopa. Ndinachita chizindikiro cha mtanda. Ndinayamba kuwakayikira a Phiri, munthu amene ndinapemphera naye zaka zambiri.

Apa munthu wanzeru akanaimbira wina foni. Ine ndinakumbukira kuti wina ananena kuti mwala weniweni wa mtengo wapatali umazizira palilime. Ndinaponya kachidutswa kaja m'kamwa. (Musafunse. Ndadzifunsa ndekha mokwanira.) Kanali kowawa ngati ukutafuna kandalama kachitsulo, kenako kanayamba kuotcha. Pamene ndinkalavula n'kuti nditameza kale malovu, ndipo kachidutswako kanathera m'ngalande.

Madzi abuluuwo sindikanawataya, popeza mwala wa a Phiri unali mmenemo. Ndinawathira m'botolo la pulasitiki la zakumwa, n'kuliika m'jumbo limodzi ndi buledi amene ndinagulira Amai Tembo. Maganizo anga anali oti ndikafotokoza ndikafika.

Mimba inayamba kuyankhula ndisanafike m'tauni. M'minibasi ya ku Ndola ndinapatsidwa mpando wakumbuyo, pakati pa mayi wonyamula keke ndi bambo wina wa suti. Titangotuluka mu Kitwe, thukuta lozizira linandigwira. Ndinayesa kupemphera, ndinayesa kuyang'ana mitengo. Sizinathandize. Mayi wa keke ndi amene anapulumutsa keke yake ndi anthu onse.

"Ba dilaiva, imikeni, ba mudala baleluka," anatero m'Chibemba, kuuza dalaivala kuti aime poti mdalane ndikusanza.

Anaimadi, ndipo ndinasanza m'mphepete mwa msewu basi yonse ikuonerera. Tisanafike ku Ndola anaimanso. Kondakita anandisamutsira pakhomo, ndipo palibe amene anayankhula nane mpaka ndinatsika.

Ku Kabushi ndinafika cha m'ma fotini awazi, thuu koloko masana, malaya atamatirira pathupi, milomo itauma. Amai Tembo anali ataitana achemwali awo ndi alamu awo kuti adzandione. Atandiyang'ana, anandilanda jumbo n'kundikhazika pasofa.

"Mwadwala, a telala? Khalani apa, mpweya ukuombeni."

Ndinatseka maso pang'ono. Nditatsegula ndinaona patebulo pali thireyi, matambula, ndi botolo langa litatuluka thukuta la mufiriji. Amai Tembo anali akutsegula.

"Mwatibweretsera juwisi wa mtundu wachilendo," anatero.

Ndinafuna kukuwa koma mawu anakana, ndinangotambasula dzanja ngati munthu womira. Mwamwayi mwana wawo wamkulu, Misozi, anali akutuluka kukhitchini. Iyeyu amagwira ntchito yopima miyala ku labu ya mgodi wina. Anayang'ana botolo, anayang'ana ine, n'kuwalanda amake.

"Ankolo, ichi n'chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, pamaso pa achemwali ndi alamu. Nditafika pa mpeni wofiira, Misozi anagwedeza mutu. Nditafika pa kulawa, anaika botolo pamwamba pa kabati n'kutenga makiyi a galimoto.

Tili m'njira yopita kukiliniki anandiphunzitsa, ine nditatsamira pawindo. Anati mwalawo si safaya. Dzina lake ndi kalikanthaiti, ndipo uli m'gulu la miyala yotchedwa masalufeti, makamaka aja osunga madzi mkati mwawo. Ndi kopa, salufa ndi madzi zogwirana. Madziwo ndi amene amaupatsa mtundu wabuluu, n'chifukwa chake utakhala padzuwa unauma n'kutuwa. Koma ukauika m'madzi ambiri umasungunuka ngati mchere. Ndi wofewa, kandalama kamaukanda. Kufiira kwa mpeni kunali kopa amene anachoka m'madzi n'kumamatira pachitsulo.

"Kuno kumene mvula imagwa chonchi supezekapezeka, ankolo. Madzi akangoufika watha. Waukulu ngati dzira, womera wokha pansi, ine sindinauonepo. Amene anamata botololo ankadziwa zimene akuchita."

"Ndiye unali wa mtengo wapatali?"

"Osati kwenikweni. Unali wosowa basi. Ndiponso ndi poizoni."

Mawu akuti wosowa anandipweteka kuposa mimba. Kukiliniki anandiika diripu, ndipo nesi anandifunsa kawiri ngati kunyumba zinthu zili bwino, ngati pali amene ndimakhala naye. Ndinati ndinangolawa mwala. Analemba, koma nkhope yake sinakhulupirire.

Amai Tembo anabwera ndi chakudya changa m'kontena. Anakhala pambali pa bedi.

"A telala, mukanangobwera ndi buledi yekha," anatero mofatsa.

Misozi anandibwezera botolo la madzi abuluu lija n'kundiuza kuti ndikathire madziwo m'mbale yagalasi, ndiike pamwamba posafika aliyense, ndidikire. Madzi atauma munameradi timiyala tabuluu tating'onoting'ono ngati shuga. Ndinatitsekera m'botolo. A Phiri akaimba foni n'kufunsa za mwala wawo, ndimati ulipo, wangosintha kakhalidwe.

Mafoni a Amai Tembo sanathe nthawi imodzi. Anangoyamba kutalikirana, ndipo funso linatsala limodzi, lakuti mimba ili bwanji. Mvula itatha anatulukira kushopu kwanga ku Chamboli ali ndi bambo wina wamtali wa ku Masala, wopuma ntchito ya njanji. Anati andibweretsera kasitomala, chifukwa telala wina samukhulupirira. Bamboyo ankafuna suti ya ukwati. Ndikumuyeza m'mapewa, Amai Tembo ndi amene ankasankha nsalu, ndipo apo ndinamvetsa kuti ukwatiwo ndi wa ndani.

Ndaona kuti munthu ukakhala wekha nthawi yaitali umaiwala kufunsa. Umangoganiza, n'kudzivomereza wekha, n'kuchita. Kaya ndasintha, sindikudziwa, poti m'nyumba mulibe wondiuza. Sutiyo ndinaisoka bwino, mwina kuposa masuti onse amene ndinasokapo. Ku ukwati ndinapita, ndinakhala kumbuyo, ndinadya zimene anandipatsa zokha.