Chithunzi cha Apongozi pa Siteshoni Yakale

Loweruka lina mwezi wathawu, mkamwini wina wogwira ntchito ku famase ananyamula mkazi wake ndi apongozi ake pa galimoto kupita ku siteshoni yakale ya sitima, kumene malemu amuna a apongoziwo ankagulitsa matikiti. Nyumbayo inali pafupi kugwetsedwa, ndipo mayiwo ankangofuna chinthu chimodzi: chithunzi chawo ataima pakhomo pake.

Mkamwiniyu anzake amamutchula kuti Katswiri, ndipo iye yekha ndi amene amaganiza kuti akumulemekeza. Chigulireni kamera, amakhulupirira kuti munthu amangodetsa chithunzi. Ana ake alibe chithunzi ndi chimodzi chomwe, koma mtengo wouma wa kuseri kwa nyumba zithunzi zake zinadzaza khoma lonse la pabalaza. Ine, abale, sindikonda kukometsera nkhani. Ndinakaziona ndekha.

Asanapite patali anaimitsa galimoto chifukwa cha phiri. Kenako mlatho. Kenako mwala.

"Bambo a ana, mwala umenewu ndi m'bale wathu?" anafunsa mkazi wake.

"Iwe sukuona kuwalaku."

"Ndikukuona. Kukutha."

"Musiye, mwanangu," anatero apongozi ali kumpando wakumbuyo. "Mwina mwalawo nawonso akuugwetsa."

Katswiri anamva ngati akumuikira kumbuyo. Anakagwadanso m'tchire kudikira mbalame ina kuti itambasule mapiko. Mbalameyo inamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumulozetsa mchira.

Anafika ku siteshoni dzuwa litapendeka, kamera ikuthwanima kuti batire latsala pang'ono kutha. Mkazi uja anatulutsa foni yake.

"Ndingowajambula ndi iyi, tizipita."

"Foni ndi yoimbira," anatero Katswiri, n'kuilanda, kuiika m'thumba la buluku. "Usanyoze nyumba ya mbiri."

Anaimika apongozi pakhomo. "Amayi, musagwedezeke." Ataika diso pa kamera anaona kuti denga silikukwana, n'kubwerera m'mbuyo. Denga litakwana, wotchi ya pamwamba inatsalira. Anabwereranso. Wotchi italowa anasirira njanji. Kenako anaima kudikira mtambo kuti usunthe, ndipo mtambowo sunali pachangu. Utangosuntha, mlonda wa pamalopo anatulukira.

"Achimwene, tachokani pamenepo, mukuwononga mizere ya nyumbayi," anatero Katswiri.

"Ndili pantchito ine, bwana."

"Kagwirireni uko."

"Chabwino. Koma kumbuyo kwanuko..."

Katswiri sakonda malangizo a anthu osadziwa luso. Anaponda kamodzinso cham'mbuyo, n'kukhala pansi m'ngalande ya madzi obiriwira. Kamera anaikweza m'mwamba ngati akupulumutsa khanda. Foni ya mkazi wake inamwa madzi mpaka kukhuta. Ali chikhalire m'ngalandemo anadina kamodzi, batire n'kuthera pomwepo.

"Ndachipeza," anatero akutuluka, ndere zili m'miyendo. "Chimenechi n'choika pa chionetsero."

Chithunzicho anakachionera kunyumba, atatchaja batire. Tinene zoona, siteshoniyo inatuluka bwino. Denga, wotchi, njanji, ngakhale ming'alu ya khoma, zonse zikuoneka. Koma pakhomo palibe munthu. Apongozi, miyendo itawatopa, anali atakakhala pansi kuseri kwa chipilala. Pamene anawaimika paja panangotsala nsapato zawo, zomwe anavula chifukwa zinkawathina.

Mayiwo anavala magalasi, n'kuchiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Nsapato zatuluka bwino, bambo. Mulungu akudalitseni."

"Amayi, mukachimvetsa, chithunzichi chikukamba za kusowa kwa munthu."

"Chikunena zoona," anatero mkazi wake. "Tingabwerere liti?"

Sanabwerere. Siteshoniyo anaigwetsa mkati mwa sabata yotsatira, ndipo pano pangotsala mulu wa njerwa. Mwezi wamawa mlamu wake wa Katswiri akukwatiwa. Banja lapeza kale wojambula wina, ndipo Katswiri amupatsa ntchito yonyamula mipando.