Silaida Yopanda Manambala pa Ukwati Wanga

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti theka la Nsanama linaimvera pa sipika, palibenso chobisa. Khalani bwino mundiseke.

Ine ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta ku Balaka, ndipo pa ntchito imeneyi sindidzikayikira. Ukwati wanga ndi Halima utayandikira, sindinkaopa mvula kapena kuchepa kwa mpunga. Ndinkaopa amalume anga, Che Saidi.

Bambo amenewa akagwira maiki amayambira tsiku limene unabadwa, n'kumayenda nawe chaka ndi chaka osadumpha. Tsono m'chaka china m'katimo muli uthenga wa chikondi umene ndinatumizira Asiyatu, mkulu wake wa Halima, ndisanamudziwe bwino Halimayo. Asiyatu anandikana mwaulemu n'kusunga pakamwa. Halima sankadziwa kanthu. Amalume ankadziwa zonse, chifukwa uthengawo ndinautumiza pa foni yawo, yanga itafa.

Ndinawerengera bwinobwino. Mukawapatsa mphindi zisanu, nthawi imatha ine ndili sitandade thuu. Pamenepo palibe ngozi.

Ndiye ndinapanga pulogalamu yoliza belu nthawi ya wolankhula ikatha. Posankha nthawiyo ndinaikapo silaida, kamzere kokhala ndi kabatani koti uzikoka ndi mausi. Kumanzere kwenikweni mphindi zisanu, kumanja kwenikweni maola atatu, poti ndinkaganiza zodzaigulitsanso kwa anthu a ma workshop ku Liwonde.

Mnzanga Gift, yemwe anali best man, anaiyang'ana n'kukanda mutu.

"Achimwene, manambala ali kuti?"

"Manambala amadetsa screen," ndinamuyankha. "Design yabwino imadzilankhulira yokha!"

"Nanga munthu adziwa bwanji kofupika?"

"Gift, mzere uliwonse umayambira koyambirira. Izi si zofuna digiri."

Amalume anavomera mosavuta. "Ine ndimalemekeza kompyuta. Belu likalira, ndikhala pansi."

Laputopu ndinaipereka kwa Che Bakali, mwalimu wa ku madrasa, munthu amene palibe angalimbane naye.

"Che Mwalimu, kabataniko mungokaika koyambirira kwenikweni."

"Basi? Zosavuta zimenezo, mwanangu."

Tsikulo holo inadzaza mpaka m'mawindo. Ine ndi Halima tinakhala kutsogolo, suti yanga ikuwala ngati ndowa yatsopano. Amalume anati Bismillah, n'kundibadwitsa. Anandiyamwitsa, anandimeretsa mano, anandilowetsa sukulu. Mphindi zisanu zitakwana ndinamwetulira, kudikira ntchito ya manja anga.

Zii.

Amalume anasuzumira kwa Che Bakali. "Silinalire? Alhamdulillah, tipitirize!"

Sitandade faifi. Sitandade eyiti. Thukuta linayamba kutsika mu kolala. Mkwati sadzuka pampando n'kumathamanga m'holo, ndiye ndinanong'oneza Gift kuti akauze Che Bakali achepetse nthawi. Anabwerera msanga.

"Akuti kabatani kali koyambirira kale, sikakusunthanso."

"Ndiye likhala likulira pompano."

"Mwina muli bug, achimwene."

"Pulogalamu yanga ilibe bug!" Ndinanena mokweza moti apongozi anatembenuka.

Amalume anandilembetsa mayeso a fomu folo. Anandikweza minibasi ya ku Balaka. Ndinatsokomola, osandimva. Ndinatsokomolanso mwamphamvu, mayi wina n'kundibweretsera madzi.

Kenako ndinamva mawu amene ndinkawaopa.

"Tsopano tifike pa nkhani ya foni yanga!"

Anaitulutsa m'thumba, abale anga. Uthengawo sanafufute! Anavala magalasi n'kuuwerenga wonse, mpaka pamene ndinalemba kuti popanda Asiyatu chakudya sichikulowa. Asiyatu anadziphimba nkhope ndi mpango. Mwamuna wake anandiyang'ana osaphethira.

"Mwana uyu ali ndi diso labwino," amalume anatero. "Nyumba anasankha yoyenera, anangolakwitsa chitseko poyamba!"

Holo yonse inagwa ndi phwete, amayi nthungululu. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Halima ankamwetulirabe kwa wojambula zithunzi, zikhadabo zake zili m'ntchafu mwanga.

"Pitirizani kumwetulira," ananong'ona. "Tikambirana."

Gift ndi amene anandipulumutsa. Anadzipunthwitsa dala pa waya wa maiki, mawu n'kuzima. Anthu anayamba kulandira chakudya, ine ndinalunjika kwa Che Bakali magazi akuwira. Ndinayang'ana pa laputopu. Kabatani kanali kumanja kwenikweni, pa maola atatu!

"Che Mwalimu, ndinati koyambirira!"

"Eya, si uku?"

"Iyayi! Uko ndi kothera!"

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati mwana amene sakugwira phunziro. "Mwanangu, ine tsiku lililonse ndimaphunzitsa Chiarabu. Mzere timauyambira kumanja. Ukanalembapo manambala, bwenzi nditaona."

Gift anatsegula pakamwa, ndinamuloza chala, anatseka.

Pomwepo amalume anafika, mbale ya mpunga ili m'manja. Halima naye anali atafika, waima kumbuyo kwanga.

"Kodi nthawi yanga inatha?" amalume anafunsa.

"Iyayi, Che Saidi," anatero Che Bakali. "Belu silinalirebe."

"Ndiye lumikizani maikiyo! Sindinafike n'komwe pa mtsikana wa ku Mposa uja."

Halima anandigwira mkono mwachikondi, anthu akuona.

"Wa ku Mposa uti?"

Anzanga opanga mapulogalamu, lembani manambala, chifukwa si aliyense amayambira kumene mumayambira inu.