Sukulu za Mkamwini

Lolemba

Achemwali andiimbira foni m'mamawa. Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana wawo Tadala, ndipo woyankhula m'malo mwa banja ndine, malume ake. Malamulo ndi awiri. Loyamba, Chichewa chokhachokha, chifukwa kubwera akuluakulu a kwathu ku Chiradzulu. Lachiwiri, nditchule sukulu zonse za ana awiriwa, anthu adziwe kuti Tadala sakukwatiwa ndi munthu wamba.

Za Tadala n'zosavuta:

mkombaphala
pulayimale
sekondale
ukachenjede, pa Chichiri pompa

Mnyamatayo ndi Dalitso, anakulira ku Amereka ndi mayi ake omwe ndi anamwino. Wanditumizira zake pa foni: elementary, middle school, high school. Ndamasulira ku ofesi ndikudya chinangwa. Yoyambira. Yapakati. Yapamwamba.

Yapamwamba! Ndawauza achemwali. Nthungululu pa foni, khutu likulirabe.

Lachiwiri

Nkhani yafika kale Chirimba yense. Amayi a kumpingo akuti Tadala wapeza dokotala. Pofika madzulo dokotalayo wasanduka pulofesa. Ine sindinanene zimenezo, komanso sindikutsutsa.

Suti ndakaisiya kochapitsa ku Limbe. Pobwerera ndikuyeserera mawu anga mu minibasi, chamumtima, koma milomo ikugwedera. Mayi amene ndakhala naye pafupi wanena kuti "Amen" potsika.

Lachitatu

Ndawawerengera mayi Fernando, anzanga a mu ofesi, uthenga wa Dalitso ndi kumasulira kwanga, kuti amve kukoma kwake. Andimvetsera mpaka kumapeto, kenako: "Achimwene, high school si sekondale basi?"

Ndaseka. Iwo sanaseke.

Popita kunyumba ndikuyang'ana zikwangwani za m'mbali mwa msewu. High School. High School inanso. Pa geti pakutuluka ana a yunifolomu, masokosi oyera, wina akunyambita fulizesi. Ndakhala ndikudutsa pamenepa zaka zonsezi. Maso ndinali nawo.

Mwina ya ku Amereka ndi ina. Zinthu zambiri kumeneko n'zazikulu.

Lachinayi

Ndapita ndekha ku Namiwawa, kwa azakhali ake a Dalitso kumene akukhala. Geti, alonda, galu, geti lina. Mnyamatayo ndi waulemu ndithu. Wandilandira ndi manja awiri, akuyesetsa Chichewa ngakhale chikumuterera.

Ndamufunsa mosamala kuti kalasi yomaliza inali iti. "Twelfth grade, malume. Ndinali senior." Wandionetsa chithunzi atavala gauni ndi chisote cha makona anayi. Mtima unakhala pansi pang'ono. Kenako wawonjezera yekha kuti kuno ndi Fomu 4. Palibe anamufunsa zimenezo!

Kwa achemwali ndayamba ndi zabwino. Gauni. Chisote. Senior. Kenako ndati analekezera giredi 12.

"Sitandade 12? Anabwereza kangati?"

Ndafotokoza kuti sanabwereze, ndi Fomu 4 chabe.

"Ndinagulitsa mandasi kuti mwana wanga afike pa Chichiri. Loweruka mukavine nokha."

Atatero adula foni.

Lachisanu

Ndadzuka ndi maganizo atsopano a kamasuliridwe:

sekondale ya kunja
sukulu yokwererapo
yapamwamba pang'ono
Fomu 4 yokwerera ndege

Mayi a kunyumba awerenga, andibwezera pepala, afunsa ngati ndikufuna tiyi.

Masana Tadala watulukira ku ofesi. Sanakhale pansi. "Malume, ine ndikudziwa kuyambira tsiku loyamba. Munthuyu amaika magetsi a dzuwa, ntchito yake amaidziwa, ndipo ndikamayankhula amamvetsera. Amene wabweretsa pulofesa m'banja muno ndinu." Ndati ndinangomasulira. Wati tiyeni kwa amayi.

Kumeneko awiriwo adzitsekera kuchipinda. Ine pabalaza, ndi mphaka. Ndikumva mawu okwera, kenako otsika, kenako wina akumina. Atuluka onse maso ali psuu. Achemwali sanandiyang'ane. Atenga simbi, ayamba kusita nsalu yawo ya mawa.

Ndili pakhomo andiitana: "Achimwene, mukanene zoona. Koma mwachangu."

Loweruka

Holo ya ku Limbe yadzaza. Suti yabwera ndi mabatani onse kupatula limodzi.

Za Tadala zayenda bwino kwambiri. Mkombaphala, m'manja. Pulayimale, m'manja. Pa ukachenjede akuluakulu a ku Chiradzulu aimirira, wina wakweza ndodo m'mwamba.

Ndapuma. Ndayang'ana achemwali. Ndayamba: "Mkamwini wathuyu anaphunzira kunja..."

Basi. Nthungululu holo yonse! Woimba nyimbo waganiza kuti ndamaliza, wazimitsa maikolofoni yanga, wakweza nyimbo. Azimayi athamangira kutsogolo kukafupa. Ine ndaima pomwepo ndi pepala langa, ndipo poti ndinalonjeza kunena zoona, ndamaliza chiganizo: "...mpaka Fomu 4."

Wamva ndi woimba nyimbo yekha. Wandigwedezera mutu: "Inenso, bigi."

Achemwali avina kuposa aliyense. Pakati pa nyimbo amukoka Dalitso pa mkono, amuonetsa mapondedwe ake. Sakutha, koma akumvetseradi.

Lamulungu

Miyendo ikuwawa. Mawu anga onse, masamba atatu, ali m'thumba la suti. Ndinawerengako theka la tsamba.

Titaweruka ku tchalitchi ana abwera kudzathokoza. Tikumwa tiyi, Dalitso wandifunsa mwaulemu wake uja: "Nanga inu malume, sukulu munalekezera pati?"

Ndamuuza zoona. JC. Mayeso a Fomu 2, bambo atamwalira ndinayamba ntchito.

Wadzuka pa mpando. "JC? Junior college! Malume!" Wandigwira chanza ndi manja awiri. Akuti m'banja lonse lino ophunzira ndife awiri, ine ndi Tadala, ndipo awauza mayi ake lero lomwe.

Mayi a kunyumba akuyang'ana m'kapu. Tadala akuwerenga malata a denga.

Kumasulira ndasiya. Ndamuthirira tiyi wina.