Msampha wa Ofusayidi ndi Apongozi Anga

Lolemba

Andisankha kukhala kochi! Ine! Madala onse a timu yathu ya muno mu komboni ya George akweza manja pa babashopu ya Shadireki, ena sopo ali kundevu. Akuti popeza ndimalongolola kwambiri mpira wa ku Ulaya ukamaonetsedwa pa TV, ndikalongololere kubwalo. Ndikudziwa kuti n'chipongwe, koma ndalandira ndi manja awiri.

Lamulungu tikusewera ndi madala a ku Lilanda. Chiyambire sitinawagonjetsepo. Ulendo uno nkhani ndi yaikulu: apongozi anga, ba Chanda, nambala 5 wathu, apuma pa ntchito ya umakaniko ndipo sabata yamawa akubwerera kwawo ku Kasama. Awa ndi masewera awo omaliza. Dzulo pakudya anangoti, "Nifuna chabe niwine Lilanda kamozi, niyende bwino." Mkazi wanga anangondiyang'ana. Diso limenelo ndimalidziwa.

Ndondomeko yanga:
- 4-3-3. Anayi kumbuyo, atatu pakati, atatu kutsogolo.
- Msampha wa ofusayidi. Ndikakuwa kuti "Tulukani!" anayi akumbuyo athamangire kutsogolo pamzere umodzi, wa Lilanda atsale yekha kumbuyo kwawo, refu aimbe wezulo.
- Mowa ayi mpaka masewera atatha.
- Fodya pa hafu taimu ayi.

Pali kavuto kamodzi. Ba Chanda sachoka pafupi ndi golo. Zaka zonsezi amaima pambali pa goloboyi wathu wa imvi, ba Zulu, n'kumanyozana mpira uli mkati. Mubemba ndi Mngoni, anthu a chimbuya, mwambo umawalola kutukwanana mpaka kukhuta. Uyu akuti wodya mbewa, uyo akuti wodya anyani. Tikonza. Ndi nkhani yaing'ono.

Lachiwiri

Phunziro loyamba, pa babashopu. Ndatolera zitsekerero za mabotolo, ndaziyala pa thabwa la dilafuti. Ndikufotokoza modekha ngati akatswiri a pa TV aja. Madala akugwedeza mitu. Mtima wanga wayera mbee!

Kenaka ndikuti aliyense atenge chitsekerero chake, achiike pomwe akufuna kusewera.

Zotsatira: 2-1-7! Kumbuyo kuli ba Chanda ndi Shadireki, ndipo cha Shadireki chinangogwera pamenepo.

Ba Pasta Mumba akuti, "Ba kochi, nambala 9 sininasankhe neka. Ninaonesedwa." Ine ndine yani kuti nditsutsane ndi masomphenya?

Ba Zulu akupapasa thabwa, atola chitsekerero cha munthu wina, achiika pakona. Ba Chanda msangamsanga: "Iwe Mngoni, golo ili apa, uko ni ku mugodi wa mbeba!" Awagwira dzanja, alikokera pakati, anthu onse phwete.

Ndatuluka panja kukayankha foni. Pobwera ndapeza timu yanga ikudyana dilafuti. Difensi yonse yadyedwa, ba Pasta alowa kingi.

Lachitatu

Kubwalo. Ndinaiwala kuti njira yopita ku kiyosiki ya madzi imadula pakati penipeni pa bwalo lathu. Apakati anga atatu akusewera ndi amayi a zigubu, wilibala ya makala ndi galu wa munthu wina. Galu yekhayo ndiye akusunga malo ake.

Tiyese msampha. "Tulukani!" Atatu atuluka bwino kwabasi, mimba patsogolo. Wachinayi ali pomwe paja, dzanja m'chiuno, akuuza ba Zulu za agogo awo. Aliyense wobwera ndi mpira ndi mfulu, ofusayidi palibe.

Tibwereze. "Tulukani!" Chimodzimodzi.

Shadireki akuti, "Ba kochi, bauzeni ba mudala!" Kunena n'kosavuta. Mkamwini amakuwira apongozi? Chikhala kuti sindinakwatire mwana wawo, bwenzi ndikuwakalipira mpaka fumbi koboo, pakuti inenso ndine wa ku Chipata ngati ba Zulu, chimbuya chikundilola. Koma ukwati unandisoka pakamwa.

Ndayesa mwaulemu. Ndavula kapusi, ndawerama pang'ono: "Ba tata, ngati simunaleme, kapena mungasendeleko pang'ono ku..." Ndisanafike pa "kusogolo", chigoli chalowa.

Fomesheni ya lero: 3-3-3 ndi apongozi.

Lachinayi

Nzeru zandibwerera m'bafa. Chingwe! Ndinaonapo pa foni makochi akuluakulu akugwiritsa osewera akumbuyo chingwe chimodzi kuti aziyenda limodzi. Atatu akathamanga, wachinayi atsatira, afune asafune. Ine osatsegula pakamwa, ulemu uli pomwepo, msampha wagwira. Ndine dolo!

Ndamasula chingwe choyanikira zovala, ndachibisa m'jekete.

Anayi agwira. Ba Chanda ali kunsonga. Sindinaone kuti nsonga yawoyo aimanga pa mtengo wa golo, akuti kuopa kuti ingade ndi dothi.

"Tulukani!"

Atatu aliyatsa liwiro, chingwe chakungika, onse atatu khu! pansi chagada. Mayi wina wa chigubu pamutu waima: "Ni bola iyi olo ni mbuzi mumanga?" Ba Zulu akufunsa kuti chachitika n'chiyani anthu akuseka chotere. Goloboyi wathu sasamala za mpira, zoona.

Kunyumba ndapeza zovala zili pampanda, masiketi pa denga la chimbudzi. Mkazi wanga wandiitana ndi dzina la mwana wathu: "Bashi Mwila, ntambo yanga ili kuti?" Ndayankha kuti ili pa ntchito ya dziko. Ndiwo ndapatsidwa msuzi wokhawokha.

Walira mvula walira matope.

Lachisanu

Lero ndikawauza apongozi. Njira ndi ziwiri: apite kutsogolo akhale nambala 9, mwaulemu wa masewera omaliza, ba Pasta tikambirana nawo, akakana, benchi. Ndayeserera mawu njira yonse.

Kwawo ndapeza nyumba ili mbee. Bedi aphwasula, mapoto ali m'matumba, masipanala amanga ndi mphira. Chomwe sanalongedze ndi chimodzi: jezi ya nambala 5, yochapa, yosita, ili pa msomali. Nambalayo anaisoka ndi apongozi aakazi asanamwalire, ndipo 5 wake ndi wopendekeka pang'ono.

Ndakhala pa kampando, kapusi m'manja. Ndayamba ndi nambala 9.

"Awe ba pongozi. Mngoni uja nizamusiyila ndani?" Akuseka. Inenso ndikuseka.

Za benchi ndazisiya. Ndamwa tiyi makapu awiri, ndawathandiza kumanga matilesi, ndatsanzika. Ndimawakonda madala amenewa. Tsiku lomwe ndinapita kukafunsira mbeta, funso lawo loyamba silinali la ntchito, anandifunsa mwendo womwe ndimamenyera mpira. Akachoka, mu George mudzachepa.

Pobwerera ndakumana ndi ba Zulu pa kiyosiki, dzuwa lili nye. Ndawapatsa moni patali. "Eya, ba Pasta!" Ba Pasta? Ine? Ndiye kuti lamulo langa la mowa lagwera m'madzi. Ndakwiya mpaka kunyumba.

Loweruka

Malipoti a lero:
- Wa kumanzere wapeza ganyu ya konkire ku Chaisa, mawa sabwera.
- Ba Pasta afika mapemphero akatha, mzimu ukalola.
- Apakati awiri sakulankhulana, nkhani ya dilafuti ya Lachiwiri. Sapatsirana mpira mpaka wina apepese.
- Otsala onse akufuna kusewera kumanja, kuli mthunzi wa mpanda.
- Magetsi azima, foni yathima, vidiyo ya msampha yomwe ndimati ndiwaonetse yapita nayo.

Ndawerenganso zitsekerero. Zikutuluka 4-2-2, winayo ndi galu uja akabwera.

Mkazi wanga akusita malaya a bambo ake a paulendo. Osandiyang'ana akuti, "Muwine. Koma ba tata bachaye mpaka kumapeto." Ziwirizi sizikwana m'thumba limodzi. Akasewera mpaka kumapeto tigonja, iwo apita ku Kasama opanda chomwe anapempha. Ndikawatulutsa mwina tiwina, koma ndidzadya msuzi mpaka Khirisimasi.

Ndaganiza. Hafu yoyamba asewere, yachiwiri apume. Iwo anati akufuna kuwina. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Lamulungu

Tagonja 3-1.

Ndilembe bwinobwino, mwina mtima ukhala pansi.

Hafu yoyamba, 2-0. Zigoli zonse ziwiri n'chimodzimodzi: ndikuwa, atatu atuluka, apongozi atsala, wa Lilanda adutsa ngati akupita kumsika.

Pa hafu taimu ndagwada bondo limodzi pafumbi, timu yonse ikuona. "Ba tata, pumulankoni pang'ono." Ayang'ana kwa ba Zulu, ayang'ana kwa ine. Apita kukakhala pa njerwa.

Ndiye msampha wagwira! "Tulukani!" Anayi atuluka ngati munthu mmodzi, wezulo! Kachiwiri, wezulo! A Lilanda akukalipirana okhaokha. Ba Pasta atulukira ndi thalauza ya suti, alowa, mpira wawagunda pabondo iwo akuyang'ana kwina, chigoli! 2-1! Masomphenya! Ndalumpha mpaka kapusi yagwera m'chigubu cha munthu.

Kenaka wa Lilanda wina watopa ndi wezulo, wangomenya ali kutali, pakati pa bwalo. Kampira kofooka, koti ndi nkhuku yomwe ikanakaimitsa. Kakugubuduzika, kakugubuduzika. Ba Zulu awerama, manja atambasula, ali tcheru, koma akuyang'ana mbali ina. Kadutsa pafupi ndi phazi lawo. 3-1. Ba Zulu adziwa kuti chalowa atamva a Lilanda akukuwa.

A Lilanda aona njira, amenyanso patali. Ndatseka diso limodzi. Mawu akuchokera kuseri kwa golo: "Iwe wakudya mbeba, pansi kumanja!" Ba Zulu agwera kumanja, mpira gwa! pachifuwa. Apongozi achoka pa njerwa paja, azungulira bwalo lonse wapansi. Mpira wina ukubwera: "Pamwamba, chi Mngoni iwe!" Nkhonya, mpira kunja.

Zaka zonsezi ndimamva kutukwana kokha. Lero ndamva mawu otsatira.

Sindinadikire. Ndatulutsa Shadireki, apongozi abwerera pamalo awo, dzanja m'chiuno. Msampha wafera pomwepo. Sanatigoletsenso, ifenso sitinagoletse.

Masewera atatha apongozi andiitanira kuseri kwa golo, avula jezi ili nyowe ndi thukuta. "Menso ya Mngoni uja yanayamba kufa kale. Bantu bakaziba bazamuchosa pa golo, elo kunyumba ali yeka. Imwe muziimilila apa. Koma musakambe chabe ati kumanja, azamvela nsoni. Muyambe mwamutukwana."

Ndati, "Ba tata, naine ndine wa ku Chipata. Mbeba nimadya."

"Munakwatila kwatu. Nakubwelekani kamwa yanga."

Ndapepesa kuti Lilanda yatipulumukanso. Akuti ku Kasama akanena kuti tinawina, ndani akafunse?

Mawa m'mawa tikawaperekeza kokwerera basi. Mkazi wanga sanandifunse za hafu taimu, ngakhale wamva kale, George sasunga chinsinsi. Wachapa jezi ija, waiyanika pa chingwe chake chomwe ndabweza. M'ndiwo lero munali nthuli.

Zitsekerero ndazipereka kwa a dilafuti. Ukochi akuti ndipitirize, palibe wina akuufuna. Fomesheni ya sabata yamawa: 3-3-3 ndi ine.

Ndaima pagalasi kuyeserera ntchito yatsopano. Ndakwinya nkhope, dzanja m'chiuno, ndakoka mpweya. Chomwe chatuluka n'chakuti: "Ba Zulu, ngati simunaleme, wakudya mbeba imwe, kapena mungagwelekoni kumanja."

Tigoletsedwa zambiri. Koma pagolo ba Zulu sachoka.