Amayi Anga Anayi ndi Mayeso Anu a Chijeremani

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Mayeso,

Ndi mtima wodzichepetsa ndikulengeza ku Ghana yense kuti dzulo, pamaso pa mboni, ndinatchula liwu lakuti Schwiegermutter, ndiye kuti apongozi aakazi. Lilime linatupa, koma ndili moyo.

Mkazi wanga Afrakoma ndi namwino ku Dortmund, ku Jeremani, ndipo lamulo likuti sindingamutsatire ndisanakhoze mayeso anu. Ndikuthokoza pondilepheretsa kachitatu. Digiri yanga inkandipatsa matama.

Choyamba, wolakwa ndine. Woyesa wanu atandifunsa za banja langa, ndinanena zoona, kuti amayi ndili nawo anayi: wondibereka ndi abale ake atatu, ndipo aliyense anandikwapulapo mokwanira. Iye anati Mutter, mayi, amakhala mmodzi, enawo ndi ma Tante, azakhali chabe. Nditakafotokoza izi kwathu ku Kumasi, mayi aang'ono a Serwaa anandilanda mbale ya fufu, nsima yakwathu, nati ndikadye kwa Mjeremani amene ankandichapira matewera.

Chachiwiri, zikomo pondiunikira kuti malume anga a Amankwaa, amene anagulitsa munda wa koko kuti ndiphunzire, ndi Onkel chabe, ndiye kuti ankolo wamba, chimodzimodzi mwamuna wa azakhali uja amene luso lake ndi kuwodzera pamaliro. Kwathu kuno cholowa cha munthu chimapita kwa mwana wa mlongo wake. Malumewo atamva, anafunsa ngati ku Jeremani anthu amabadwa kapena amangomera ngati bowa. Munda wotsalawo akuti asiyira mbuzi yawo, poti iyo ikudziwabe mwini khola.

Chachitatu, mtengo wa banja umene munati tijambule unali ndi nthambi zochepa ngati papaya. Pepala litatha ndinapitiriza patebulo, kenako pakhoma. Mlonda wanu anandigwira ndisanafike kwa agogo.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Mwana wathu Nhyira anabadwira komweko ku Dortmund, ndipo sindinamunyamulepo. Lamlungu lapitali mayi ake anamusonyeza nkhope yanga pafoni. Anandiyang'ana mwaulemu, nkunditchula kuti Onkel. Liwulo ndinalimva pompo, popanda wondimasulira, ndipo sindinamuwongolere. Ngati kungakukomereni, mundiwonjezereko malikisi pa limenelo.

Ine wanu wolephera mokhulupirika,
Kwaku Frimpong
Bantama, Kumasi