Mafuta a apongozi m'ndege ya Bwana Kamtedza

Nkhani iyi ana anga amaidziwa theka lokha, theka loseketsalo. Amauza anzawo kuti bambo athu anakonzapo ndege, ine n'kumangogwedeza mutu osatsutsa. Kukonza ndinaikonzadi, ndipo inauluka. Koma ndikanadziwa kumene inkanditengera, bwenzi nditaiponda ndi thirakitala tsiku loyamba lomwelo.

Inali nthawi ya chitaganya. Ndinali makaniko wa mathirakitala pa siteshoni ya zaulimi, m'mbali mwa msewu wopita ku Namitete, koma kugona ndinkagona cha ku Mpingu, kwawo kwa mkazi wanga Nambewe, pa chikamwini. Amene munakhalapo akamwini mukudziwa: mbandakucha uli kale m'munda mwa apongozi, ukatero upalase njinga, ukafika uyambe ntchito ya Mzungu. Kusiteshoni ankamanga nyumba za njerwa za antchito, ndipo mtima wanga wonse unali pa imodzi mwa izo, kuti ndipemphe chitengwa tikakhale patokha. Nambewe ankaifuna nyumbayo kuposa ine, kungoti sankanena pa anthu.

Mzungu woyang'anira minda ya mtedza tinkamutcha Bwana Kamtedza. Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, koma anali ndi kandege koseweretsa. Mapiko ake ngati munthu watambasula manja, injini yake ngati dzira la nkhuku. Ankakaulutsa ataima pansi, atagwira bokosi la wayilesi. Vuto linali lakuti injini ikangolira pang'ono inkatentha n'kuzima, kandege n'kugwera m'mtedza wa boma.

Tsiku lina akunyamuka ulendo wa ku Zomba anandiitana. Chinyanja chake chinali chodukaduka.

"Iwe konza ndege," anatero, "ine konza nyumba. Loweruka ine bwera."

"Musadandaule bwana, aka n'kamwana," ndinayankha. (Ndinali ndisanakagwirepo n'kamodzi komwe, koma nthawi imeneyo pakamwa panga pankatsogola, nzeru n'kumabwera pambuyo.)

Lolemba ndinayamba ngati makaniko weniweni. Ndinachotsa chivindikiro cha kutsogolo kuti mphepo izipita, ndinalumikiza batire ku pulagi, n'kupukusa pulopela ndi chala. Kanalira. Patapita kanthawi ndinalavulira mate pamutu pa injini, mate aja n'kuti tswii, kuuma pomwepo. Kenako zii.

Lachiwiri ndinaganiza za madzi. Thirakitala ikatentha timaimwetsa madzi, eti? Ndinanyowetsa kansanza n'kukulunga injini. Pulopela inakoka kansanza kaja n'kundimenya nako pamphuno, ndipo chala changa chapakati chinalawa nawo. Chipsera chilipo mpaka lero.

Lachitatu ndiye ndinachita zanzeru za kumudzi. Pambali pa injini pali kasingano kotsegulira ndi kutsekera mafuta. Ndinati moto ukakula pa mafuwa umaphulako nkhuni, ndiye nanenso ndichepetse mafuta. Nditapotokola kasingano, injini inalira mokoma, mawu ang'ono okwera ngati udzudzu, mpaka anzanga a m'galaja anasiya ntchito kudzaonerera. Ine chifuwa patsogolo. Posakhalitsa kanatentha kuposa kale, kawaya ka m'kati mwa pulagi n'kupsa. Ndinaika pulagi ina, ndinabwereza zomwezo (inde, zomwezo), nayonso n'kupsa. M'kabokosi ka bwana munatsala imodzi yokha. Apo ndiye mantha anandigwira.

Ndi pulagi yomalizayo ndinachita zosemphana ndi nzeru zanga: ndinatsegula kasingano kwambiri. Injini inalira mwaulesi, ikutulutsa utsi, koma inakhalitsa isanazime. Kani tiinjini timeneti timazizira ndi mafuta omwewo, ukatimana ndiye timapsa mtima. Utsi uja unandisiyira zonata padzanja, ndipo nditanunkhiza ndinaima chilili. Nsatsi! Fungo lomwe lija la amayi athu akadzola. Ndinafufuza m'kabati ya bwana n'kupeza mabotolo awiri, la sipiriti lodzaza, la mafuta a nsatsi louma gwa. Apa ndinamvetsa. Nsatsi zitayamba kumuthera, bwana ankangoonjezera sipiriti, injini n'kumayenda youma.

Tsono unali mwezi wa mvula, nsatsi zikadali zaziwisi m'mitengo. Mudzi wonse nsupa ya mafuta inali imodzi, ya apongozi anga aakazi. Apongozi aamuna, a Mbewe, anali chigonere chaka chonse, miyendo itatupa n'kumang'ambika. Masana alionse mayiwo ankawatulutsa pamphasa padzuwa n'kumawadzoza pang'onopang'ono, kuyambira m'maondo mpaka kuzala, akucheza motsitsa mawu. Mankhwala a kuchipatala cha mishoni anali atalephera. Chotsala chinali chimenecho.

Kupempha sindikanatha, kapena ndinene kuti ndinadziuza kuti sindingathe. Mwambo wathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zinayi ndinali ndisanalankhule nawo maso ndi maso. Ndiye ndinadzera kwa Nambewe.

"Tandipemphereniko mafuta pang'ono kwa mayi."

"A chiyani?"

"A ndege."

"Kodi inu, ndege imadzola? Bambo akudwala, inu mukuti ndege. Ine zimenezo sindinganene, ndingachite manyazi."

Lachinayi m'mawa onse ali kumunda ndinalowa m'nyumba mwa apongozi, malo amene mkamwini saponda. A Mbewe anali m'tulo. Ndinatenga nsupa n'kuibisa m'malaya. Mumtima ndinkati masipuni atatu okha, pofika masana ndabweza.

Ndinasefa mafutawo pakansalu, n'kusakaniza ndi sipiriti, n'kutsegula kasingano pang'ono. Abale, injini inaimba! Thanki yonse inatha osazima, mate pamutu pake akuchedwa kuuma. Pamenepo ndikanalekera. Koma anabwera akalaliki kuti aone, ndinaliza. Anabwera madalaivala, ndinaliza. Anabwera amayi osenda mtedza, ndinalizanso, n'kusunganso botolo lodzaza losakaniza kale loti bwana adzaulutsire. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Pomwe ndinkati ndiyang'ane nsupa, dzuwa linali litapendeka ndipo munalibe ngakhale dontho.

Zimene ndinachita kenako ndi zimene ana anga sadziwa. Ndinatsegula chigubu cha oyilo watsopano wa thirakitala, woyera bwino, mtundu wake wofananako, n'kudzaza nsupa ija. Pofika kumudzi ndinaiika pakhonde kuseri kwa mtondo, ngati kuti wina anaiiwala pamenepo.

Lachisanu masana ndinalibe mtendere, ndinathawa kuntchito n'kudzakhala kuseri kwa nkhokwe ngati ndikukonza njinga. Ndinamva mawu a a Mbewe, ofooka koma omveka.

"Kodi mayi, mwandidzoza chiyani? Ndikununkha ngati lole ya fodya."

Kenako ndinamva madzi akuthiridwa m'beseni. Apongozi aakazi anawasambitsa kawiri ndi sopo, ndipo a Mbewe ankabuula sopoyo akalowa m'ming'alu. Ine kuseri kwa nkhokwe ndinagwira sipanala osadziwa choti ndimange. Mudzi wonse munthu wonunkha galaja anali mmodzi, panalibe chofunsa.

Loweruka bwana anabwera. Kandege kanakwera pamwamba pa minda, kanazungulira kanayi, n'kutera bwinobwino. Anandigwira chanza pamaso pa anthu onse, Lolemba n'kundipatsa kiyi wa nyumba ya zipinda ziwiri. Lachiwiri a Mbewe anamwalira.

Pamaliro palibe anandinena, koma ndikadutsa anthu ankasiya kulankhula. Ndinamva ndithu kuti kuseri akuti mkamwini wapha nkhalamba ndi mafuta a Azungu. Titameta, amalume ake a Nambewe anandiitanitsa pansi pa mtengo wa mango. Ndinapita ndi mawu okonzeka: kupepesa kaye, kenako nkhani ya chitengwa, poti kiyi anali m'thumba. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi aakazi anatuluka m'nyumba, mutu uli wometa, n'kudzakhala moyang'anana nane. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino.

"Bambo," anatero, "anthu akuti mwapha amuna anga. Limenelo ndi bodza, ndawauza. Ulendo wawo unali utayamba kale."

Ndinayamba kupuma.

"Koma masiku awo anayi omaliza ndinalibe chowadzoza. Ankati mayi, miyendo, ine n'kumangowasisita ndi manja ouma. Mukanatuma munthu kudzapempha, ndikanakugawirani theka. Iwonso akanaseka, ankakonda zinthu zachilendo." Kenako anafunsa kuti, "Nanga inauluka?"

"Inauluka, mayi."

"Chabwino. Koma mwana wanga ku nyumba ya kusiteshoniko sapita. Munthu wobweza nsupa yodzaza bodza, mwana wanga akadzadwala kutaliko adzandiuza zoona?"

Amalume aja anadzuka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kiyi ndinakabweza m'mawa mwake. Bwana sanamvetse, anangoti, "Iwe funa nyumba, iwe kana nyumba," n'kuipereka kwa dalaivala wina. Ine ndinakhala pa chikamwini zaka zina khumi ndi chimodzi, mpaka apongozi anatsikira kuli chete.

Za injini ndinaphunzira, ndipo mpaka ndinapuma ntchito palibe injini inapsa m'manja mwanga chifukwa choimana mafuta. Za kupempha ndiye kaya, pakamwa pamalemerabe. Koma chimene chimandiwawa si mawu a apongozi. Nditachoka pansi pa mango paja ndinalowa m'nyumba mwathu n'kupeza Nambewe atagwada, akumasula mtolo umene ndinali ndisanauonepo. Munali mbale ziwiri zatsopano, nsalu ya pawindo yosoka yekha, ndi tsache.

"Munamanga liti zimenezi?" ndinafunsa.

"Tsiku lomwe munandiuza za nyumba," anayankha osandiyang'ana. "Tapatukani, mukutchinga kuwala."