Njinga Yanga ndi Atsekwe a ku Dzivarasekwa

Lolemba

Iwe amene udzatole kopeli, yankha msanga: Dzivarasekwa, dzina la lokeshoni yathu ino, ndi mawu a chilankhulo chanji? Ukati Chishona, tseka, bwezera pomwe walipeza. Tchera khutu: dziwe la tsekwe. Chichewa chenicheni! Sukulu sindinapite nayo patali, koma makutu ndili nawo.

Dzulo kubiyaholo ndanena zomwezi. Baba Tendai, neba wanga, Mshona wa ku njanji: "Manyasa inu, makhitchini onse munatenga, tsopano mukufuna ndi maina omwe?" Holo yonse phwete! Mtima wanga phu! Ndabetcha njinga, iye wabetcha wailesi. Pofika Loweruka ndimuonetse dziwelo, tsekwe ali pamadzi. Apo ayi, njinga ndi yake.

Njinga imeneyi ndiyo miyendo yanga yopitira ku Mabelreign komwe ndimaphikira azungu. Bwana amutenga kunkhondo, dona wathawira kwa amake, ine sabata yonse ndili pa tchuthi. Mawa ndikutsikira kumtsinje wa Marimba, kumunsi kwa lokeshoni, kwa anthu a madimba. Zofunika: dziwe, tsekwe, ndi nkhalamba yakwathu yoikira umboni.

Mkazi wanga: "Bambo, pakamwa panupo padzakuyendetsani pansi."

Lachiwiri

Ndafika. Tinyumba ta mapulasitiki, ta migolo yosalaza, ta udzu. Repu, anyezi, tomato mpaka m'mbali mwa madzi. Ena ndi matchona akwathu amene mafamu anawalavula atakalamba. Ena ndi othawa nkhondo kumidzi, afika chaka chino.

Ndavala jekete ndi tayi monga munthu wofufuza mbiri. Cholakwa choyamba. Ndikufunsa kuti anayamba kukhala pano ndani. Cholakwa chachiwiri. Mudzi wonse zii. Mayi wina akuvundikira mgolo wa kachasu ndi chiguduli, akuyesa sindikuona. Kumbuyo manong'onong'o: "Wa khonsolo uyu." Wina: "Ayi, ndi ogulitsa anthu aja."

Ine kazitape? Kazitape amafika akuliza belu la njinga? Ndawauza mosapsatira kuti mitu yawo ndi maungu a m'dimba mwawomo.

Amasula agalu. Thalauza lang'ambika posayenera.

Lachitatu

Lero wopanda tayi, buledi m'manja. Andilandira ndi Mayi Nabanda, a ku Ntcheu, eni dimba lalikulu. Ati anandizindikira dzulo lomwe: "Wotukwana bwino chonchi ndi wa ku Dedza basi." Nanga agaluwo? "Ankafuna kuwongola miyendo."

Andiyendetsa mudzi wonse. Uvuni wakale wa njerwa, ati zina mwa nyumba zathu za kulokeshoni zinapsa mmenemo. Doko lomwe ngolo za ng'ombe zinkawolokera. Mwala wochapira, wosalala ngati mbale ya dona. Chulu pomwe anagoneka akwathu oyamba kufika kuno, opanda mtanda, opanda dzina, makapu ong'aluka okha. Pamenepo ndavula chipewa.

Tsono dziwe. Ndimati lilipo limodzi. Aliyense akuloza lake, ndipo lake limakhala loyandikana ndi dimba lake. Ndasankha lalikulu. Zomwe zilimo: achule, tayala, nsapato yakumanzere. Tsekwe ngakhale nthenga!

Lachinayi

Mboni yapezeka: a Gama, nkhalamba yakwathu yomwe inabwera wapansi kudzera ku Tete. Makutu anatsekeka kalekale. Pofunsa ndiyenera kufuula ngati ndikuitana basi.

"ATSEKWE ANALIPO PANO?"

"Analipo, onona."

Mtima wanga kuvina. Wailesi ija ndaipezera kale malo pakabati.

"A mzungu wa pafamu. Tinamudyera awiri pa Khirisimasi atatichotsa ntchito."

Nanga dzina la malo? "Tinalipeza, mwanawe." Ati eni dziko amanena kuti ndi dziwe la Sekwa, ndipo Sekwayo anali munthu, ena ati mfumu, ena ati mtsikana, iwo sanafunsitse popeza anabwerera ntchito, osati maina. Kenako nkhani ya ng'ona za mu Zambezi mpaka dzuwa kupendeka.

Mboni yotere ndi yoperekeza nayo adani. Ndawauza pamaso kuti mutu wawo wazizira. Agwedeza mutu nkuthokoza.

Lachisanu

Ine bodza sindinena. Koma tsekwe ndi bakha ndi pachisuweni, aliyense akudziwa. Ndipo Baba Tendai wakulira m'mbali mwa njanji, mbalame amaizindikira ikakhala m'mbale.

Mayi Nabanda ali ndi bakha wamphongo, chimkulu, chakuda ndi mawanga. Avomera kundibwereka malinga ndiwathiririre dimba. Tsiku lonse chitini m'manja, kudoko, kurepu, kudoko, kurepu. Ine wophika supu wa azungu! Msana wanga wapita.

Masana ndege za asilikali zadutsa chapansipansi kulowera kumpoto. Aliyense maso pakhasu. Othawa nkhondo aja alowetsa ana m'nyumba.

Madzulo kuyeserera: bakha pamadzi, chingwe kumwendo, mwala kunsonga ya chingwe. Ukaima patali nkutsinzina diso limodzi, ndi tsekwe weniweni.

Loweruka

Baba Tendai wabwera ndi theka la biyaholo, wailesi paphewa. Mudzi wa kumtsinje nawo wasiya makasu. Bakha pakati pa dziwe, wodekha, waulemu ngati mkulu wa mpingo.

"Onani!"

Baba Tendai akukanda chibwano. Wailesi yatsika paphewa.

Pomwepo Mayi Nabanda, amene sindinawauze kuti lero asinthe nthawi, akugogoda beseni la madeya kuitana ziweto zawo. Tsekwe wanga wamva. Wakoka, mwala wapulumuka, uyo wavuuka, dededede kulunjika kubeseni, chingwe chikukwekwereka pambuyo.

Ndalumpha kuti ndiponde chingwe. Ndaterereka pamatope, m'madzi khuvu! Dziwe lija ndi lakuya kuposa momwe likuonekera. Mpaka m'khosi! Andivuula ndi a Gama, ndi mpini wa khasu.

Baba Tendai, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete: "Sekuru, tonse tapambana. Kusekwa pa Chishona ndi kusekedwa pa Chichewa. Dziwe ndi ilo, wosekwa ndi uyu!"

Tonse tapambana, koma njinga wakwera yekha.

Lamulungu

Chimfine. Jekete ili padenga, ikununkha achule. Baba Tendai wadutsa pakhomo panga popita kutchalitchi ndi pobwerako, belu ngiringiri, pomwe mumsewu mulibe ngakhale nkhuku. Mkazi wanga akungoimba nyimbo za kumvano mokweza kuposa masiku onse. Mawa ndinyamuka wapansi kusanache, dona wabwerako, akufuna tiyi wake pa nthawi.

Zonsezi ndalandira. Ndinabetcha ndekha, palibe anandigwira dzanja.

Koma masana Mayi Nabanda afika ndi dengu la repu, ati kumtsinje dziwe lija lapeza dzina. Akulitcha Dziva raKuki, pa Chishona. Ogula masamba akulozerana kale, ndipo wina wamveka akufotokozera mlendo kuti khukhiyo anamira ndithu. Ndiye maina amabwera chonchi. Mwina Sekwa nayenso anangoterereka.

Dzinalo sindikulikana, wogwamo ndine. Koma wogwamo ndi Mchewa, womuvuula ndi Mchewa, bakha ndi wa Mchewa. Chishona chalowa bwanji pamenepa? Likonzedwe sabata ino lisanazolowereke: Dziwe la a Khukhi. Ndipo "a" ameneyo asamusiye, ndine munthu wamkulu.